Fayilo ya achimwene: zomwe ndinaona poyendera ndalama za malemu ku Lilongwe

Munthu wolembedwa ntchito pakampani akafera pantchito, ndalama zoyenera banja lake sizikhala pamodzi. Zimakhala m'matumba atatu, ndipo thumba lililonse lili ndi khomo lake, mafomu ake ndi eni ake. Anzathu a ku Zambia ali ndi NAPSA, a ku Zimbabwe ali ndi NSSA, mabungwe a boma osunga ndalama za antchito, omwe mayina awo ngakhale mlonda amawadziwa. Ife kuno tili ndi malamulo angapo omwe anagawidwa m'maofesi osiyanasiyana, moti mabanja ambiri amalandira thumba limodzi, n'kuwomba m'manja, n'kukwera basi ya kumudzi, osadziwa kuti awiri atsalira m'tauni.

Ine ndinazidziwa mu 2023 achimwene anga atatisiya. Anali dalaivala pakampani ina ku Kanengo, ndipo lole yomwe ankayendetsa inagubuduzika pamsewu wa M1 akuchokera ku Blantyre ndi katundu wa kampaniyo. Anasiya alamu ndi ana atatu ku Area 25. Pa tsiku losesa, akuluakulu a mbali zonse ziwiri anagwirizana kuti ineyo ndiziperekeza alamu m'maofesi, poti ndine telala, ndikatseka shopu palibe bwana wondifunsa.

Thumba loyamba ndi penshoni. Kuyambira 2011 lamulo limakakamiza olemba ntchito kuika antchito awo pa penshoni: wantchito amadulidwa K5 pa K100 iliyonse ya malipiro ake, bwana n'kuwonjezerapo K10, ndipo ndalamazo zimakasungidwa ku makampani apadera monga NICO kapena Old Mutual, osati m'kabati ya bwanayo. Lamuloli linalembedwanso mwatsopano mu 2023. Thumba lachiwiri limachokera m'lamulo lomwelo koma ambiri salidziwa: bwana amayenera kulipirira wantchito aliyense inshulansi ya moyo yosachepera malipiro a chaka chathunthu. Imeneyi imatuluka ngakhale munthu atamwalira ndi malungo ali pamphasa kunyumba kwake, bola dzina lake linali lidakali m'buku la antchito. Lachitatu ndi chipukuta misozi cha wovulala kapena wofera pantchito, chomwe chili m'lamulo la chaka cha 2000. Kwa banja lomwe linkadalira malemu, lamulo limanena malipiro a miyezi 42. Kwa wolumala kotheratu, woti sangagwirenso ntchito, miyezi 54. Munthu wolandira K150,000 pamwezi, ndiye kuti banja lake likuyang'ana K6,300,000. Si ndalama yoti n'kuisiya chifukwa choopa maofesi.

Kukampani anatilandira bwino ndithu. Bokosi anagula, galimoto ya maliro anapereka, ufa ndi ndiwo pasiwa anathandiza. Bambo wa ku ofesi yoona za antchito anatiwerengera malipiro a mwezi womwe achimwene anafera ndi masiku a tchuthi omwe sanapite, n'kutiuza za penshoni ndi inshulansi. Basi. Za thumba lachitatu sanatsegule pakamwa. Amene anatitsina khutu ndi dalaivala mnzawo wa malemu, yemwe anatitsatira mpaka kunja kwa geti n'kunena motsitsa mawu kuti, "Alamu, munthu uja wafera pa chiwongolero cha kampani. Pitani ku boma mukafunse za chipukuta misozi. Koma musakanene kuti wakuuzani ndine."

Ofesi yomwe anatilozera, ya leba yoona za chipukuta misozi, ili ndi benchi lalitali pakhonde, ndipo zambiri zomwe ndikudziwa ndinaziphunzirira pabenchi limenelo. Pamakhala mlonda yemwe akuba anamukhapa ndi chikwanje akulondera sitolo ya mwini, mnyamata wa pachigayo yemwe lamba anamudya zala, mmisiri yemwe anagwa pamwamba pa nyumba yosanja, amayi amasiye ngati alamu anga atakumbatira maenvulopu a khaki. Koma pamakhalanso anthu ambiri osochera. Agogo ena anabwera kudzafunsa chifukwa chomwe dzina lawo linachotsedwera pa Mtukula Pakhomo, pamene nkhani imeneyo ndi ya a zachisamaliro cha anthu kukhonsolo. Mphunzitsi wina wopuma ankafuna ndalama zake zopumira, zomwe njira yake ndi ina kotheratu: za ogwira ntchito m'boma zimayambira kumene munthu ankagwira, n'kukwera ku unduna wake, n'kudutsanso kwa ofufuza ndi osunga ndalama za boma. Mtsikana wina wantchito za m'nyumba anachotsedwa popanda notisi. Onsewa amalowa, amafotokoza kuyambira pachiyambi, ena misozi ili m'masaya, ndipo wa mu ofesi amayenera kumvetsera mpaka kumapeto asanawauze kuti khomo lawo ndi lina. Dzuwa limakwera choncho, fayilo ngakhale imodzi isanatsegulidwe.

M'katimo munali madesiki ambiri kuposa anthu. Desiki ina mwini wake anapuma ntchito ndipo malo ake anali asanadzazidwe. Ina mwini wake anasamutsidwira boma lina. Ina anapita kusukulu. Madesiki opanda eniwo ndi omwe anasanduka mosungira mafayilo, omangidwa ndi tizingwe, ena akunyenyeka m'makona, ataunjikana mpaka kutseka theka la zenera. Otsala anali mayi wina wachikulire wa magalasi, yemwe aliyense ankangoti madamu, bambo wina yemwe nthawi zambiri ankakhala ali kunja kukaona malo a ngozi, ndi mtsikana yemwe anabwera kudzaphunzira ntchito. Madamuwo ndi omwe ankalandira anthu, kulemba m'kaundula, kuwerengera ndalama, kutayipa makalata pa kompyuta imodzi yomwe inalipo, kuyankha foni, ndiponso kufukula fayilo pamuluwo. Magetsi akazima, makalata ankaima. Inki ikatha, ankaika kalata pa fulashi n'kutuma mtsikana uja kukapulintitsa kwina. Nkhomaliro yawo ndinaiona ndi maso angawa: chinangwa chophika m'kontena ya pulasitiki, dzanja linalo lili pa fayilo.

Tsiku loyamba alamu anafunsa funso lomwe aliyense amafunsa. "Ndiye tibwere liti kudzatenga, madamu?"

Mayiwo anavula magalasi. "Mayi, pepani ndi zovutazi. Koma ndikuuzeni lero lomwe kuti musadzandide mawa. Muno mulibe ndalama. Yang'anani, mukuonamo bokosi la ndalama? Ife timatsimikiza kuti ngozi inachitikadi pantchito, timawerengera, n'kulembera kampani kuti ilipire. Ikalipira m'pamene timakuitanani. Isanalipire, ifenso timangodikira ngati inu nomwe."

Mawu amenewo anandithandiza kuposa china chilichonse. Pabenchi paja ndinali nditamva anthu akutukwana kuti a mu ofesi akhalira ndalama zawo, ena kumati akuzichitira katapila. Zoona zake n'zakuti pa nthawi yomwe ife tinkayendera, chipukuta misozi sichinkachokera m'thumba la boma ayi. Ankalipira ndi bwana mwini, kapena kampani ya inshulansi ngati bwanayo anadula inshulansi ya ngozi. Ukadziwa zimenezi umaleka kuwononga mate pa munthu wolakwika.

Ulendo wa fayilo uli chonchi. Kampani imalemba fomu yofotokoza ngozi ndi malipiro a wantchito. Apolisi amapereka lipoti lawo ngati ndi ngozi ya pamsewu. Kuchipatala kumachokera chikalata chonena chomwe chinapha munthu, kapena, kwa wovulala, lipoti la dokotala lonena kuti thupi lawonongeka motani, poti ndalama za wovulala zimatsata muyeso umenewo. Zikakwana, ofesi imawerengera, akuluakulu amasaina, kalata imapita kukampani. Ndalama zikabwera amazigawa kwa omwe ankadalira malemu. Mukaonetsetsa mupeza kuti mbali yaikulu ya ulendowu ili kunja kwa ofesiyo: kupolisi, kuchipatala, kukampani, kubanki. Ikanakhala ofesi ya anthu okwanira bwenzi ikutumiza munthu kukalondola mapepala amenewa. Ofesi ya anthu awiri singathe. Ndiye wolondola ndiwe mwini nkhani, ufune usafune.

Fayilo yoperewera pepala limodzi siikidwa pamwamba kuti idikire pepalalo. Zili ngati kuchigayo: mphale yako ikapezeka yosauma, wachigayo amakankhira thumba lako pambali n'kuthira la wina, ndipo pobwerako koyanika umapeza mzere wasintha. Madamu akatsegula fayilo n'kupeza kuti mulibe lipoti la apolisi, amalemba kamzere pachikuto n'kutenga ina. Nthawi yoti akuimbireni alibe, mwinanso mayunitsi alibe. Inu muli phee kunyumba mukuti boma likuchedwa, pamene fayilo ikudikira inuyo. Pabenchi ndinakumana ndi bambo wina yemwe anakhala mvula yonse kwawo ku Mitundu akudikira foni, pobwera n'kupeza kuti chomwe chinaimitsa zonse ndi siginecha ya dokotala yomwe inaiwalika pa tsamba lachiwiri.

Choncho pemphani kuti akulembereni papepala zonse zofunika, tsiku loyamba lomwelo, osati kumazimva chimodzichimodzi ulendo ndi ulendo. Kwa ife anafuna chiphaso cha unzika cha malemu ndi cha alamu, satifiketi ya imfa ya ku NRB, komwe kumachokera ziphaso za unzika, chifukwa kapepala ka kuchipatala ndi koyambira chabe, timapepala ta malipiro ta miyezi yomaliza, makalata a kubadwa a ana, kalata ya amfumu, akaunti ya kubanki ndi umboni wa ukwati. Pa umboni wa ukwatipo alamu anada nkhawa, chifukwa iwo ndi achimwene sanadalitse kutchalitchi, anachita chinkhoswe basi. Koma lamulo la maukwati la 2015 limavomereza ukwati wa mwambo, kotero ankhoswe a mbali zonse ziwiri anabwera kudzachitira umboni ndipo zinatheka. Mapepala enieniwo musamasiye m'maofesi. Onetsani, siyani fotokope, ndipo pepala lililonse mulijambule pafoni lisanachoke m'manja mwanu.

Chomwe chinatidyera nthawi kwambiri ndi chaka chobadwa. Pa chiphaso cha unzika, chomwe achimwene anajambulitsa pa kalembera wa 2017, panali chaka china. M'mabuku a kampani munali china, chomwe analemba polowa ntchito kalekale. Ndipo dzina lachiwiri kwina linali la bambo athu, kwina la agogo. Kwa ife apabanja anali munthu mmodzi yemweyo. Kwa wogawa ndalama za eni, amenewo ndi anthu awiri mpaka wina atalumbira. Tinakalumbira kwa majisitireti, kalata n'kudindidwa, n'kuiphatikiza mu fayilo. Inu amene muli pantchito, tengani chiphaso chanu mawa mukachifananitse ndi zomwe zili m'mabuku a abwana anu. Kwa inu ndi ntchito ya mphindi zochepa, koma kwa mkazi wanu wamasiye idzakhala ya miyezi.

Tsiku lina madamu anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kuti, "Achimwene, tatulukani kaye, ndicheze ndi mayiwa." Ndinatuluka nkhope itagwa. Pobwerera, tili m'minibasi, alamu anandiuza akuseka, kuseka koyamba chichitikireni maliro. Anawafunsa ngati akaunti ya kubanki ndi yawodi, amene akusunga khadi yotapira ndalama ndi ndani, ngati pali wachibale wa malemu yemwe watulutsa katundu m'nyumba, ndiponso ngati bambo aang'ono a anawa akuperekeza ndi mtima umodzi kapena ali ndi kampeni kumphasa. Zinandiwawa, sindinama. Koma mayi uja waona zambiri. Waona abale a mwamuna akulowa atagwira wamasiye padzanja ngati omuthandiza, ndalama zikangotuluka osaonekanso, ana n'kusiya sukulu. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda katundu wa amasiye ndi mlandu, koma lamulo silisuzumira m'nyumba za anthu. Amene amasuzumira ndi munthu ngati madamu aja, akakhala ndi mphindi zofunsira. Ndiye ngati mukuperekeza, khalani woperekeza. Mwini nkhani aziyankha yekha, azisaina yekha, ndipo nambala ya foni yolembedwa pa fayilo ikhale yake.

Pakhonde ngati limeneli sipalephera kukhala adobadoba. Wathu anali wovala bwino, tayi pakhosi, chikwama m'manja, wodziwa mayina a onse a mu ofesi mpaka a ana awo. Anati akhoza kuikweza fayilo yathu pamwamba, bola timupatse ya mafuta lero ndi kagawo ndalama zikatuluka. Ndinamufunsa kuti fayilo yopanda satifiketi ya imfa akaikweza idzayenda bwanji, iye n'kungoseka n'kusunthira kwa mayi wina. Sindikunena kuti m'maofesi mulibe okonda kangachepe. Alimo, ndipo bungwe lolimbana ndi ziphuphu la ACB linakhazikitsidwira omwewo. Koma pa zomwe ndinaona ine, adobadoba amagulitsa chinthu chomwe madamu amapereka ulere, chomwe ndi kudziwa kuti fayilo yaima pati ndipo ikusowa chiyani.

Mapepala atakwana, kuwerengera sikunachedwe kwenikweni. Kuchedwa kunadza kalata yopita kukampani italembedwa. Inali nyengo ya mizere ya mafuta, galimoto ya ofesi ilibe dizilo, ndipo mesenjala analipo mmodzi wa nyumba yonseyo. Ndinapempha ngati ndingainyamule ndekha. Anandilola, koma madamu anandipatsa malangizo: "Mutenge ziwiri zofanana. Imodzi mukasiye, inayo akakudindireni, alembe tsiku, asaine, mubwere nayo kuno. Akakana kudinda, musakasiye." Kukampani kuja mtsikana wa polandirira alendo anati abwana atuluka ndi chidindo, ndingosiya kalatayo azaiona. Ndinathokoza, n'kukhala pampando, n'kuyamba kuwerenga kalendala ya pakhoma. Anthu analowa, anthu anatuluka. Itayandikira nthawi yoweruka, mtsikanayo anatsegula dirowa ya desiki yake yomweyo, chidindo n'kutulukamo.

Kalata yodindidwayo inagwira ntchito patsogolo, pamene kampani inayamba kunena kuti sinalandire kalikonse. Titaionetsa, nyimbo inasintha: nkhani ili kwa a inshulansi. A inshulansi nawo akuti akudikira fomu kuchokera kukampani. Pamalo ngati amenewa musamafunse kuti "zili pati?" chifukwa yankho lake ndi limodzi nthawi zonse, lakuti zikuyenda. Funsani kuti pepala lomwe likudikiridwa ndi liti, lili pa desiki ya ndani, ndipo mubwere tsiku liti. Mayankhowo ndinkalemba m'kabuku ka ana asukulu, pamodzi ndi nambala ya fayilo, tsiku ndi dzina la wondiyankha, ndipo ndinkalemba iye akuona. Munthu akaona kuti mawu ake akulowa m'buku amayamba kuyeza zonena. Kabuku komweko ndi komwe ndinkapita nako kwa madamu, kuti polemba kalata yokumbutsa kampani asachite kufukula mulu wonse.

Za nthawi yopitira ndingonena mwachidule. Fikani m'mamawa maofesi akungotsegulidwa, mutu wa wokuthandizani usanatenthe. Lolemba benchi limadzaza, ndipo Lachisanu masana musawononge ndalama ya minibasi. Perekani moni, funsani mmene adzukira. Zimaoneka zazing'ono, koma munthu yemwe watukwanidwa kuyambira m'mawa amakumbukira nkhope yomwe inamulonjera. Komanso musazengereze kukalembetsa. Mwambo wathu umasunga wamasiye kumudzi kwa miyezi, ndipo abale amati za ndalama tidzakamba misozi ikauma. Lamulo lili ndi malire a nthawi, choncho musalole chaka kutha nkhani isanalowe m'kaundula. Kupatula apo, mboni zimasamuka, wa ku ofesi ya antchito amasintha, makampani ena amatsekedwa kumene. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Wina wa pabanja akhoza kukatsegulitsa fayilo pamene wamasiye adakali kumudzi.

Timakonda kunena kuti ogwira ntchito m'boma ndi aulesi, ndipo ena ndi aulesidi. Ndinafikapo tsiku lina n'kupeza chitseko chokhoma, mlonda n'kuti onse apita kumsonkhano kunyanja, pabenchi pali munthu woyendera ndodo yemwe anachokera ku Nkhoma. Zimenezo zimakwiyitsa. Koma ulesi wokha sungafotokoze zomwe ndinaona m'chipinda chija. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 1 miliyoni mumzinda wa Lilongwe, ndipo aliyense akuona mmene zomangamanga, mafakitale ndi makampani a alonda zachulukira chichokereni nthawi imeneyo. Ngozi zimakula limodzi ndi mzinda, pamene anthu a mu ofesi ija achita kuchepa. Madamu akadwala kapena kupita kumaliro, ntchito yonse imaima, chifukwa zonse zili papepala ndipo malo a fayilo iliyonse pamulu paja ali m'mutu mwawo. Tsiku lomwe adzapume, sindikudziwa kuti mtsikana uja adzayambira pati.

Kudzaza madesiki opanda eni aja ndi kuika mafayilo pa kompyuta, kuti munthu wa ku Mitundu azifunsa pafoni osati kuwononga ndalama ya ufa paulendo, si nkhani yoti n'kugwedeza bajeti ya dziko. Koma vuto lalikulu ndi la kumene ndalama zimachokera. Malinga bwana aliyense akulipira payekha ngozi itachitika kale, ofesi imakhala yopemphapempha, ndipo bwana wouma mutu amadziwa kuti wamasiye atopa msanga kuposa iye. Lamulo la 2000 lomwelo linalingalira za thumba limodzi lomwe mabwana onse azisonkhamo pasadakhale. Thumba lotero likanakhala likulipira pa nthawi yathu, maulendo ambiri a ku Kanengo sakanakhalapo.

Kudikira kuli ndi mtengo wake. Mu Novembala 2023 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, fayilo yathu ili pakati pa kampani ndi a inshulansi. Chiwerengero cha pakalata sichinasinthe, poti chimatsata malipiro omwe munthu ankalandira pomwalira. Koma simenti ndi malata, zomwe alamu ankawerengera kuti amalizire nyumba yomwe achimwene anasiya pa lintala, zinali zitathawa. Ndalama zinatuluka chaka chotsatira, madamu n'kuimba okha pafoni ya alamu. Nyumba ya zipinda zitatu inathera pa ziwiri.

Inshulansi ya moyo ija sinavute, inatuluka zina zonse zisanatuluke. Penshoni ndiyo inabwera ndi zake. Osunga thumba la penshoni amatsata fomu yomwe wantchito analemba ali moyo, yonena anthu odzalandira ndi gawo la aliyense. Achimwene analemba yawo mwana womaliza asanabadwe ndipo sanaikonzenso, moti dzina la mwanayo munalibe. Zinatengera kukhala pansi kwa banja kuti gawo lake lichokere pa gawo la amayi ake. Kwa ife zinatha mwamtendere. Taganizani banja lomwe pafomu pali dzina la mkazi woyamba, kapena la chibwenzi cha paunyamata.

Kenako alamu anapempha sitetimenti yonse, mwezi ndi mwezi, ndipo tinaiyala pamphasa pambali pa timapepala ta malipiro tomwe achimwene ankasunga m'chikwama cha laisensi. Pa kapepala kalikonse panali K5 pa K100 yodulidwa. Pa sitetimenti panali miyezi yambiri yopanda kanthu. Kampani inkadula koma osatumiza, ndipo gawo lake lomwe la K10 silinkapitanso. Khalidwe limeneli si lachilendo. A Reserve Bank akhala akulidandaula poyera kwa zaka. Osunga penshoni analipira zomwe zinali m'thumbamo, n'kutiuza kuti zotsalazo ndi ngongole ya kampani. Nkhani yotere khomo lake si ofesi ya madamu aja. Woyang'anira makampani a penshoni ndi inshulansi ndi gavanala wa Reserve Bank, ndipo likulu lawo lili ku City Centre konkuno; madandaulo amalandira olembedwa, ophatikiza sitetimenti ndi timapepala ta malipiro. Ngati yokuchedwetsani popanda chifukwa ndi ofesi ya boma, kuli a Ombudsman. Ngati zafika pofuna loya ndipo m'thumba mulibe, kuli a Legal Aid Bureau, ndipo milandu ya pakati pa bwana ndi wantchito ili ndi khoti lakelake la za ntchito.

Ife tinalemba kalata yathu n'kukasiya, itadindidwa monga mwa malangizo a madamu. Yankho lomwe tili nalo likuti kampani yavomera ngongoleyo ndipo izibweza pang'onopang'ono. Gawo lina lalowa kale, lina likadali. Masiku ano alamu amayenda okha m'maofesimo, ine ndinabwerera ku makina anga, ndipo sitetimenti yotsatira akukaitenga mwezi wamawa.